Chiperoni ndi galimoto yamagetsi: mayunitsi amathera kuti mu Juni ndi Julaye?

Juni akangolowa, funso la eni magalimoto amagetsi mu Blantyre muno limakhala limodzi: bwanji galimoto imene mu Epulo inkalemba makilomita 110 ikadzaza lero ikulemba 90, ndipo ukangoyatsa hita nambalayo imagwanso pomwepo, tayala lisanazungulire n'komwe? Ambiri amafulumira kunena kuti batire latha ntchito. Kawirikawiri batire limakhala lilibe mlandu. Chisanu chathu n'chochepa, sichingaliwononge. Mphamvu yambiri imathera ku hita ndi kuchotsa nthunzi pagalasi, ndipo amene zimawapweteka kwenikweni ndi oyenda maulendo afupiafupi m'tauni pa galimoto ya batire laling'ono, lokalamba kale, monga ma Nissan Leaf ochokera ku Japan.

Tiyambe ndi chisanucho. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Mu Juni ndi Julaye usiku kumazizira kufika madigiri 12 kapena 13, masiku ena m'bandakucha kumatsika pansi pa 10. Ku Bvumbwe, pamwamba pa phiri la Zomba ndi ku Dedza kumazizira kuposa apo. Nkhani zoopsa zimene mumawerenga pa intaneti, zoti galimoto yataya theka la mtunda wake, n'za ku Norway ndi ku Canada, kumene madzi amaundana panja miyezi yathunthu. Mu 2019 bungwe la oyendetsa magalimoto la AAA la ku America linayesa magalimoto amagetsi asanu pa madigiri 7 pansi pa ziro. Hita ili yozima, mtunda unatsika ndi 12 peresenti poyerekeza ndi tsiku lofunda bwino la madigiri 24. Ataiyatsa unatsika ndi 41 peresenti. Ngakhale pa chisanu chimene Blantyre sachidziwa, gawo lalikulu linapita ndi hita.

Chifukwa chake n'chakuti galimoto yamagetsi ilibe kutentha kwaulere. Injini ya petulo imataya pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya mafuta ngati kutentha chabe, ndiye hita yake imangotapa pa madzi otentha a mu injini n'kupemerera mpweya wofunda m'kati. Mota yamagetsi ndi youmira: mwa mphamvu imene yalandira, pafupifupi 90 peresenti imapita ku matayala, potsala poti mutape palibe. Chilichonse chofunditsa m'kati chiyenera kuchoka mu batire lomwelo limene likukuyendetsani.

Masamu ake savuta kwa aliyense amene amagula mayunitsi a ESCOM, chifukwa yuniti imodzi ndi kWh imodzi, ndipo batire la galimoto amaliyeza ndi muyezo womwewo. Leaf yoyamba, imene inatuluka mu 2010, inali ndi batire la 24 kWh, ndipo ili yatsopano munthu ankagwiritsa ntchito pafupifupi 21. Kenako kunabwera za 30, za 40 ndi za 62. Kumanja kwa dashibodi ya zakalezo kuli timizere 12 tosonyeza thanzi la batire. Koyamba kamazima batire likataya 15 peresenti, totsatirato timazima pa 6.25 peresenti iliyonse. Choncho Leaf ya 24 yotsala ndi timizere 9 ili pa 70 peresenti kapena cha pomwepo, kutanthauza mayunitsi 14 kapena 15 basi. Yoyendetsedwa modekha imadya mayunitsi pafupifupi 15 pa makilomita 100. Pa tsiku labwino, ndiye makilomita 95 mpaka 100.

Tsono hita siwerenga makilomita, imawerenga mphindi. Tinene ulendo wa makilomita 10 m'mawa, mumsewu wa Masauko Chipembere mutadzaza, pa Chichiri ndi pa Ginnery Corner magalimoto akungokwawa, mwatenga theka la ola. Kuyenda kokhako kwadya yuniti imodzi ndi theka. Hita ya mtundu wa PTC, imene imatenthetsa ndi magetsi mwachindunji, imayamba ndi 3 kW, 4 kW kapena kuposera apo m'kati mukadali mozizira, kenako imatsika kufika pa 1 kapena 1.5. Pa theka la ola tingaiwerengere 2 kW, n'chimodzimodzi kusiya ketulo yamagetsi ikubwata kuyambira pakhomo mpaka kuntchito. Imeneyo ndi yuniti ina yathunthu. Makilomita 10 adya mayunitsi 2.5 m'malo mwa 1.5, ndipo mukamayenda choncho m'mawa ndi madzulo, nthawi iliyonse kuyambira pa galimoto yozizira, batire lija la makilomita 95 likupatsani osakwana 60. Galimoto yomweyo muitengere ku Zomba, makilomita pafupifupi 65, ola limodzi ndi mphindi zochepa: kuyenda kudya mayunitsi 10, hita yuniti imodzi ndi theka. Apa hita yangowonjezera 15 peresenti. N'chifukwa chake anthu awiri a galimoto zofanana akhoza kutsutsana mpaka dzuwa kulowa, wina akuti chisanu chandidyera theka, mnzake akuti ine sindikuona kusiyana. Onse akunena zoona, maulendo ndiwo osiyana.

Si galimoto zonse zili ndi PTC yokha. Zina zili ndi heat pump, imene kwenikweni ndi AC yogwira ntchito chobwerera: imatenga kutentha mu mpweya wakunja n'kukulowetsa m'kati. Pa madigiri 10 mpaka 15, yuniti imodzi ya magetsi imabweretsa kutentha kwa mayunitsi awiri kapena atatu. Kumayiko a chisanu choopsa heat pump imafooka, koma nyengo ya kuno ndi imene imagwira bwino ntchito. Leaf za 2010 mpaka 2012 zilibe. Hita yake imayamba yatenthetsa madzi, madziwo ndiwo atenthetse mpweya, motero imachedwa komanso imadya kwambiri. Kuyambira za 2013 heat pump inayamba kupezeka, koma osati pa giredi yotsika ya S. Amene mukuitanitsa galimoto ku Japan, funsani giredi musanalipire. BYD Atto 3 ili nayo.

Vuto lathu lenileni ndi chiperoni. Mphepo ija yochokera kum'mwera chakum'mawa, cha ku Mozambique, ikabweretsa nkhungu ndi mvula yamawawa masiku atatu osaona dzuwa, mpweya umakhala utakhuta chinyezi, galasi lazizira. Mulowe anthu anayi ndi majekete onyowa ndi maambulera odontha, musanatuluke pageti galasi lakutsogolo layera mbuu ndi nthunzi. Dzanja limathamangira ku batani lochotsa nthunzi. Batani limenelo limayatsa zinthu zitatu pakamodzi: hita, kompresa ya AC ndi fani, zonse pamwamba, ndipo pamodzi zikhoza kukoka 4 kapena 5 kW. Kwa mphindi ziwiri kapena zitatu palibe cholakwika, ndiyo ntchito yake. Cholakwika n'kuliiwala lili loyaka ulendo wonse.

Nthunzi imathawa mpweya wouma, ndipo chimene chimaumitsa mpweya ndi AC. Galasi likangoyera bwino, zimitsani batani lija. Onetsetsani kuti mpweya ukulowa kuchokera kunja: kabatani kokhala ndi chithunzi cha galimoto ndi muvi wozungulira m'kati kakhale kozima, chifukwa kakayaka mukungozunguliza mpweya umene mwapuma nokha. Siyani AC yoyaka, HEAT yozima, mpweya ulunjike pagalasi, fani pa 1 kapena 2. Kunja kukuzizira kale, ndiye kompresa siivutika, imangodya ma watt mazana angapo. Pa Leaf za 2013 kupita m'tsogolo mabatani a AC ndi HEAT ndi osiyana, zimenezi n'zosavuta. Pa zakale batani la HEAT palibe; mumatsitsa nambala ya kutentha mpaka pansi penipeni, ngakhale apo hita imatha kuyakabe m'kati mukazizira kuposa nambalayo.

Galasi lakuda m'kati limagwira nthunzi msanga kuposa loyera, chifukwa timadontho timamatirira pa fumbi ndi mafuta a m'manja. Litsukeni m'kati ndi mankhwala a magalasi n'kulipukuta ndi nsalu youma, osati chikhatho. Fyuluta ya mpweya wa m'kati ikadzaza fumbi, fani imangolira mpweya osatuluka. Isintheni chisanu chisanayambe. AC ikamagwira ntchito, pansi pa galimoto payenera kudontha madzi. Ngati sipakudontha koma kapeti ya kutsogolo ikumanyowa, kapaipi kotulutsa madzi katsekeka, ndipo chinyezi chonsecho chikubwerera pagalasi lanu m'mawa uliwonse. Chimodzi chokha musachite: kuyenda mukusuzumira pa kampata kopukuta ndi dzanja pofuna kusunga batire. Mu nkhungu ya pa Bvumbwe wakabaza ndi mwana wasukulu amaonekera pafupi kale.

Za kufunda kwa thupi, mpando wotenthetsa umadya ma watt pafupifupi 50, pamene hita ikudya 2,000. Leaf zambiri za ku Japan zili ndi mipando ndi chiwongolero zotenthetsa, koma ena sadziwa n'komwe kuti mabatani ake ndi ati. Juzi, mpando wofunda ndi AC yowumitsa galasi, pa madigiri 13 n'zokwanira kwa munthu wamkulu. Mukanyamula khanda kapena agogo, yatsani hita pa madigiri 20 kapena 21, osati 28.

Njira ina ndi kufunditsa m'kati galimoto ikadali pa pulagi, kuti mphindi zoyamba zodula zija zilipiridwe ndi magetsi a pakhoma. Mphindi 10 mpaka 15 zimakwana. Dziwani kuti chaja ya pa soketi wamba, ya 10 A pa 230 V, imapereka 2.3 kW basi, pamene hita ikuyamba imafuna zoposa, ndiye batire limathandizirabe pang'ono. Musadabwe kuona peresenti imodzi kapena ziwiri zachoka. Msampha uli pa wotchi. Pa Leaf zambiri zochokera ku Japan zokhala ndi sikirini ya mapu, wotchi ya pa sikiriniyo imatsatira nthawi ya ku Japan, imene ili patsogolo pathu ndi maola 7, ndipo timer ya hita ndi ya kutchaja zimamvera wotchi imeneyo. Mukufuna galimoto ifunde 6:30 m'mawa, lembani 13:30. Mukufuna iyambe kutchaja 10 koloko usiku Lolemba, kwa iyo ndi 5 koloko m'mawa Lachiwiri. Zolembedwa zake n'za Chijapanizi, koma kamera ya foni imamasulira bwinobwino.

Nanga batire lenilenilo? M'kati mwake lithium amayenda m'madzimadzi apadera pakati pa mbali ziwiri za selo. Kukazizira madzimadziwo amalimbako, lithium amayenda pang'onopang'ono, ndipo mukaponda kwambiri voteji imagwa msanga. Mphamvuyo sinatayike, imabwerera batire likafunda. Limakonda madigiri 20 mpaka 25. Pa 10 mpaka 15 limangotaya maperesenti ochepa. Komanso batire la Leaf ya 24, 30 kapena 40 kWh limalemera makilogalamu pafupifupi 300, silizizira msanga ngati galasi. Galimoto imene yayenda madzulo n'kugona m'galaja imadzuka batire lili lofunda kuposa mpweya wakunja. Onani timizere ta kutentha kumanzere kwa dashibodi: 5 kapena 6 ndi bwino, 4 ndiye kuti latsika pansi pa madigiri 10 kapena cha pomwepo. Choopsa chenicheni, chimene chimawononga selo mpaka kalekale, ndi kutchaja mwamphamvu batire lili pansi pa ziro, pamene lithium amaunjikana kunja m'malo molowa m'malo mwake. Kuno sitifikako, ndipo kompyuta yoyang'anira batire, BMS, imachepetsa yokha mphamvu yolowa ikaona kuzizira. Mabatire a mtundu wina wotchedwa LFP, monga a mu BYD Atto 3 ndi Dolphin, amamva chisanu msanga kuposa a mu Leaf, ndipo amafuna kudzazidwa mpaka 100 peresenti nthawi ndi nthawi kuti BMS isasokonezeke powerengera zotsala.

Kuchepetsa kwa BMS kumeneku kumaonekera pa regen, kumene mota imagwira galimoto potsetsereka n'kubwezera magetsi mu batire. Batire lodzaza lilibe poika magetsiwo, lozizira limalandira pang'ono. Zikakumana ziwirizi, regen imatheratu, ndipo pa dashibodi ya Leaf timipira ta kumanzere timataya mzere wachiwiri wozungulira. M'tauni mungoona kuti galimoto ikuthamangira mukachotsa phazi. Pa chitsetsereko cha ku Chikwawa ndi nkhani ina. Kuchokera ku Blantyre kufika m'chigwa cha Shire mumatsika mamita pafupifupi 900, ndipo galimoto ya makilogalamu 1,600 imamasula mphamvu ya mayunitsi pafupifupi 4. Regen ikamagwira, theka kapena kuposerapo pang'ono limabwerera mu batire. Ikapanda kugwira, onse anayi amasanduka kutentha pa mabuleki, ndipo galimoto yamagetsi ilibe giya yotsika yoti injini ikugwirireni m'makhota aja. Tsiku lotsika ku Chikwawa, makamaka m'mawa mozizira, tchajani mpaka 80 peresenti basi.

Pobwera ngongole ija mumalipira. Mukafika pansi dashibodi imakulonjezani mtunda wabodza chifukwa imawerengera mmene mwangoyendera kumene. Kukwera kokhako kukufuna mayunitsi 4 ndi pang'ono, kuwonjezera pa 7.5 a makilomita pafupifupi 50. Leaf ya timizere 9 siingapite ku Chikwawa n'kubwerera osatchaja. Pa chitunda chotere ndi pamenenso selo lofooka limaululika. Batire la Leaf ya 24, 30 kapena 40 kWh lili ndi maselo 192 olumikizidwa awiriawiri, magulu 96, ndipo BMS imamvera gulu lofooka kwambiri. Batire likatsika, lili lozizirako, inu mukuponda pokwera, gulu limodzi lokha likagwa voteji nyali yochenjeza ya chithunzi cha kamba imayaka pa dashibodi, mphamvu n'kuchepa ngakhale peresenti ikuoneka kuti ilipo. Kachipangizo ka OBD2, kolumikiza foni ndi kompyuta ya galimoto, ndi pulogalamu ya LeafSpy pa foni zimaonetsa voteji ya gulu lililonse komanso thanzi la batire lonse. Gulu limene limatsalira anzake nthawi zonse batire likatsika, ndilo lodwala.

Pa kutchaja kunyumba chisanu chathu sichisintha kanthu kooneka. Mwa 2.3 kW ya pakhoma, pafupifupi 2 imalowa mu batire, choncho mayunitsi 14 amatenga maola 7 ndipo mita imadya pafupifupi 16. Malangizo a kunja amati muike timer kuti kutchaja kuthe pafupi ndi nthawi yonyamuka, batire likadali lofunda. Kwa ine, pa nyengo ya kuno phindu lake n'laling'ono kwambiri poyerekeza ndi kudzuka n'kupeza magetsi anazima 2 koloko usiku batire lili pa 40 peresenti. Magetsi akakhalapo, tchajani. Chodetsa nkhawa mu chiperoni ndi chinyezi pa soketi. Soketi zathu za mano atatu ndi za 13 A, ndipo kukoka 10 A kwa maola 7 kumatenthetsa paliponse pamene waya sanamangidwe bwino. Nthambo yoonjezera yogona pa udzu wonyowa, kapena adaputa yotchipa ya pamsika, ndi kuitana moto. Katswiri wa magetsi wachiphaso akukokereni mzere wakewake kuchokera pa bokosi la mabuleka, waya wosachepera 2.5 mm², soketi yosalowa madzi, RCD (switchi yodula magetsi akayamba kuthawa) ya 30 mA ndi earth yabwino; machaja ambiri amakana kuyamba earth ikakhala yoipa. Nthambo imene imabwera ndi Leaf ya ku Japan inapangidwira 200 V ndipo imakoka 15 A, kuposa zimene pulagi yathu imapirira, choncho kungoidula mutu n'kuikapo pulagi ya kuno n'kulakwitsa. Amene mumadalira sola, kumbukirani kuti masiku a nkhungu mapanelo amapereka kagawo chabe ka zimene amapereka dzuwa likuswa mtengo, ndipo galimoto ikhoza kukhuthula mabatire a m'nyumba usiku umodzi.

Matayala amataya mpweya pafupifupi 0.1 bar kukazizira ndi madigiri 10. Leaf imafuna 2.5 bar, kapena kuti 36 psi. Yezani m'mawa musanayende. Msewu wonyowa umagwira matayala, ndipo mpweya wozizira umalemera ndi 3.5 peresenti pa madigiri 10 alionse, zimene zimamveka mukamathamanga 90 kapena 100. Chilichonse pachokha n'chaching'ono, koma zimaphatikizana.

Galimoto imene yakaniratu kuyaka m'mawa wa Julaye, batire lalikulu lili pa 80 peresenti, kawirikawiri yagwetsedwa ndi kabatire ka 12 V, kofanana ndi ka galimoto ina iliyonse. Kameneka ndiko kamadzutsa makompyuta ndi kutseka maswitchi amene amalumikiza batire lalikulu. Popeza palibe sitata yoti imveke ikulira mofooka, kamafa mwakachetechete, chisanu n'kungomalizitsa. Zizindikiro zake n'zosokoneza: nyali zambirimbiri zochenjeza, nyali ya READY, yosonyeza kuti galimoto yakonzeka kuyenda, osayaka, giya kukana kuchoka pa P. Yezani ndi mita galimoto itagona usiku wonse. 12.6 V ndi kodzaza, 12.2 ndi theka, pansi pa 12 konzekani kugula kena. READY ikayaka muyenera kuona 13 mpaka 14.5 V, kusonyeza kuti batire lalikulu likukatchaja. Mukhoza kudzutsa galimotoyo ndi majampa ngati ina iliyonse.

Hita ikamapemerera mphepo yozizira yokhayokha, pa Leaf zakale yambani mwaona madzi mu kathanki ka hita. Akachepa kapena mukalowa mpweya m'mapaipi, kutentha sikufika. Kupitirira apo ndi ntchito ya makaniko wodziwa magalimoto amagetsi, chifukwa hita ndi kompresa zimayendera mawaya a mtundu wa olenji, a mavoti pafupifupi 360. Samalaninso ndi owonjezera gasi wa AC. Kompresa yamagetsi imafuna oyilo wakewake wosadutsa magetsi, wolembedwa pa chikwangwani cha pansi pa boneti. Oyilo wamba wa PAG, ngakhale wotsalira m'mapaipi a makina odzazira, amawononga zotchingira mawaya a m'kompresa, ndipo galimoto ikhoza kukana kuyaka poona kuti magetsi akuthawira ku chitsulo. Pa galimoto ya heat pump, gasi akachepa ndi hita yomwe imafooka, PTC n'kuyamba kugwira ntchito yonse yokha, mayunitsi n'kumapita inu osadziwa chifukwa.

Kuti mudziwe ngati batire latsikadi thanzi, iwalani nambala ya makilomita pa dashibodi, imangolosera. Sankhani msewu umodzi, tinene wa ku Chileka, muyende ndi liwiro limodzimodzi hita ndi AC zili zozima, mulembe peresenti ponyamuka ndi pofika. Leaf za 2013 kupita m'tsogolo zimaionetsa, pa zakale gwiritsani ntchito LeafSpy. Bwerezani mu Seputembala. Kusiyana kwa maperesenti ochepa ndi chisanu, ndipo kumabwerera kokha. Chimene sichibwerera ndi chimene kutentha kwadya. Batire la Leaf zimene tatchulazi lilibe madzi kapena fani yoliziziritsa, ndipo limakalamba msanga likamakhala pa 100 peresenti padzuwa la Okutobala ndi Novembala, makamaka ku Nsanje, ku Chikwawa ndi ku Mangochi. Miyezi imeneyo iimikeni pamthunzi, dzazani mpaka 80 peresenti ngati ulendo wa mawa ndi wa m'tauni, ndipo timizere ta kutentha tikafika 8, ipumitseni musanailumikizenso ku chaja.